Vidiyo imene ndinaonetsa alamu

Kokani mipando, anzanga, mumve zimene ndinaononga ine ndi foni yangayi. Mpaka lero mtima sunatsike.

Asisi anga, amene anakwatiwa kumudzi cha ku Sinda, anapeza chotupa m'bere atangoletsa mwana kuyamwa. Cholimba, chosapweteka. Kuchipatala anawauza kuti abwerenso Lachinayi, adzadule kanyama kakang'ono kuti akayeze ngati ndi khansa. Alamu anakana. Akuti nyama ya munthu wamoyo sipita kwa anthu osawadziwa, angakakhwimire.

Ine sukulu ndinalekera panjira, koma foni yandiphunzitsa zambiri. Ndinali nditaonera vidiyo ya akatswiri akunja amene amatenga tinyama ta bere n'kutiika m'timbale tagalasi, tinyamato n'kumakula, kuphuka tinthambi ngati mizu ya chimanga. Amatero kuti aone mmene bere limakulira ndi mmene matenda amayambira, ayesepo mankhwala osavulaza munthu. Ndinati basi, alamu akangoona izi mantha atha. Ndinakwera minibasi pa Katete vidiyo nditaisunga kale, chifukwa kwawoko netiweki mpaka ukwere pachulu.

Alamu ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza ndi amayi awo, asisi ali pambali.

"Alamu, taonani. Si zokhwima ayi, ndi maphunziro."

Anaonera mpaka kumapeto, kubwezanso, kenako n'kupatsira amayi awo.

"Chikukula m'mbalechi n'chiyani?" anafunsa amayiwo.

"Nyama ya bere, amayi."

"Mwini wake ali kuti?"

"Kwawo. Mwina anachira."

"Iye ali kwawo, bere lake likukula kwa eni ake."

Alamu anandibwezera foni akuseka. "Zikomo, adokotala a pafoni. Ine ndimangoganizira, inu mwabwera ndi umboni."

Ndinalongosola, ndinalumbira, kuti za asisi n'zina, kanyama kawo n'kongoyeza basi, palibe wokakaweta. Ndani amve? Lachinayi linadutsa. M'malo mwake asisi anawatema mphini pabere n'kupakamo mankhwala akuda. Pofika Lamulungu nkhani inali itafika kutchalitchi, akuti kuchipatala amaweta mabere m'mabotolo, ndipo mlamu wa uje ali nacho chithunzi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti alamu omwewa, ng'ombe yawo itadwala, anaigwira okha nyanga, wa vetenale akuitenga magazi. Sanafunse kuti magaziwo akupita kwa ndani. Koma mkazi, mayi wa ana awo atatu, ndiye ayambe kuopa mabotolo. Ndimadzikwiyiranso ndekha. Bwenzi nditangokhala chete, mwina akanafewa okha. Kuthamanga kwanga, kufuna kuoneka wodziwa.

Dzulo asisi andiimbira ali kuchigayo, pa foni ya mnzawo.

"Chakula, iwe. Khungu layamba kuoneka ngati khoko la lalanje. Anesi ati ndikhoza kubwera Lachinayi lino. Undidikire pamsewu waukulu, kunyumba ndinama kuti ndapita kumsika."

"Nanga bala? Alamu sadzaliona?"

"Adzaliona. Anena kale kuti ndikadulitsa, ndisabwerenso pakhomo pawo. Koma ndekha sindipita, ndikuopa. Ukapanda kubwera iwe, ndikhala."

Ndikapita, ndapasula banja la asisi. Ndikakhala, chotupa chija sichidikira munthu. Lachinayi ndi mkuja. Mukanakhala inu, mukanaima pamsewu paja kapena ayi?