Mzere wa Overton pa Phiri la Sinoo

Overton sakhala pansi. Tinkagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi ku Najma, koma bedi yolira kwambiri inali yake, poti munthuyo ngakhale ali m'tulo amatembenuka ngati m'bulangete mwalowa linthumbu. Kwawo ndi ku Bembeke, kwa alimi a kachewere, ndipo kuno ku Doha ntchito yake inali yosalaza sinoo. Musaseke. M'kati mwa molo ina, chinyumba cha masitolo ambirimbiri, anamangamo phiri la chipale chofewa chopangidwa ndi makina, ndipo anthu amadzatsetserekapo atamanga matabwa awiri kumapazi, kunjaku dzuwa likuswa mtengo.

Tsiku loyamba anangomupatsa reki n'kumulozera phirilo. Ataona malo otsetsereka, manja anakumbuka kwawo. Anaunga mizere yopingasa kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati mvula yoyamba ili pafupi. Makasitomala anagwa chagada motsatizana, ndipo kuyambira pamenepo anzake anamutcha Mlimi.

Chaka chino eni malo anaganiza zokonzanso phirilo. Analikweza, ndipo m'munsi mwake, pomwe panali bwalo loti otsetsereka aziimirapo, anamangapo kafe ya magalasi kuti omwa khofi azionera pafupi. Otsetsereka akalekale anadandaula: munthu akabwera ndi liwiro aima pati? Mayi wina wa ku Lebanon, wobwera Lachisanu lililonse, analemba kalata, anzake n'kusainira, koma manijala anangoti inshallah, Mulungu akalola.

Nkhaniyi inamusowetsa mtendere Overton. Kudya ankadya choimirira. M'basi ankandijambulira phirilo pachikhatho, amvekere chilichonse chotsika phiri, kaya madzi kaya munthu, chimafuna pochigwira. Ine ndinamukumbutsa kuti kontilakiti yake ikutha mu Juni, komanso kuti anamuchenjeza kale kuti akadzaunganso mzere wina, ntchito yatha. Ndinamuuza mosabisa kuti ndikumuchitira mantha, ndipo kunena zoona ankandikwiyitsanso. Wabwera kudzagwira ntchito kapena kudzawongola phiri la eni?

"Achimwene," anandiyankha, "munthu akadzaboola glass ija ine ndili pompo ndi reki m'manja, ndidzati sindinaone? Khalas, basi, zioneke zokha."

Lachisanu m'mawa asanatsegule, anakokera sinoo kutsogolo kwa galasi n'kuunga mzere umodzi waukulu wofika m'chiuno. Manijala anauona pa kamera anthu atalowa kale. Manijalayo akutsika masitepe ali wolusa, bambo wina wonenepa, wophunzira kumene, anachoka pamwamba miyendo ili tang'a, mabuleki palibe, n'kukazikika mumzeremo, mphuno yake itatsala pang'ono kugunda galasi. Anadzuka akuseka, omwa khofi n'kuwomba m'manja. Manijala sanawombe nawo.

Mzerewo ulipo mpaka lero. Amauunga ndi makina m'mawa uliwonse, ndipo anaikapo chikwangwani chonena kuti kampani yakonza njira yatsopano yotetezera makasitomala. Mayi wa ku Lebanon uja analembanso kalata ina, yopempha kuti Mlimi amuwonjezere kontilakiti, koma inangothera pa inshallah yemweyo.

Overton ali ku Bembeke kuyambira mu Juni. Sabata yatha anandiimbira ali kumunda, ndipo asanandifunse n'komwe za moyo, anafuna kudziwa ngati makinawo akuunga mzerewo mofika m'chiuno. Ndinamuuza kuti inde. Bedi yake sikuliranso, koma tsopano wotembenukatembenuka m'chipinda muno ndine.