Mwala Wotsekera Tayala la Lole ya Amalume

Mwala uja ukadalipo kwathu kwa Likoswe, pansi pa mtengo wa mango. Ndi wakuda ndi mafuta a injini, wosongoka mbali imodzi. Ntchito yake inali kutsekera tayala la lole ya amalume kuti isatsetsereke, ndipo ntchito yanga, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, inali kuuchotsa m'mawa uliwonse.

Chaka chimenecho lole ija inali itasiya kulira ndi kiyi. Amalume akapotoza kiyi, inkangoti nyee, nyee, ngati munthu wokana kudzuka, kenako tha, tha, basi zii. Nyali zake zinkayaka mofiira ngati koloboyi wotha palafini. Hutala ndiye musanene, ana a m'mudzi tinkaseka kuti mbuzi yadwala chimfine. Pamitu ya batire pankamera zinthu zoyera ngati ufa, zomwe amalume ankatsuka ndi madzi otentha a m'ketulo ya mayi, ndipo mukayandikira pankanunkha mazira oola. Lero ndikudziwa kuti batire lija linkatsanzikana nafe tsiku ndi tsiku. Ife tinkangoti ndi khalidwe lake la lole.

Amalume anapeza nzeru yawo. Madzulo ankaimika lole pamwamba pa mtsetse, itayang'ana kudambo. M'mawa ankakwera n'kukuwa kuti, "Chotsa, iwe!" Ine ndinkamenya mwala uja ndi musi, lole n'kuyamba kutsika mwakachetechete. Ikafika pachitsime ankasiya kilatchi, iyo n'kudzuma, n'kutsokomola utsi wakuda, bu bu bu, ulendo wa ku Limbe ndi nandolo za anthu. Ndinkanyada bwanji! Ndinkauza anzanga kusukulu kuti lole yathu ndimailiza ndine.

Mayi anali oyembekezera, ndipo bambo anali ku Joni. Wotiyang'anira anali amalume omwewo, mwini mbumba, ndipo galimoto m'mudzi monse inali yomweyo. Ndikukumbukira mayi atakhala pakhonde, miyendo itatupa, akunena kuti, "Achimwene, batire limenelo lidzatichititsa manyazi. Masiku anga ayandikira." Amalume ankaseka n'kuyankha kuti, "Chemwali, mtsetse sutha moto."

Lamlungu lina m'mwezi wa June kutchalitchi kwathu kunali chikondwerero cha makwaya. Aphunzitsi otsogolera kwaya anabwera kudzabwereka batire loti ayimbire kiyibodi ndi zokuzira mawu. Amalume anali mkulu wa mpingo, akanakana bwanji? Batire linapita pa njinga, linayimba tsiku lonse, nanenso ndinavina mpaka fumbi m'maso. Madzulo analibweza mu lole, palibe anaganiza zoyesa ngakhale nyali.

Lolemba kunacha ndi chiperoni, nkhungu ili mbuu, mame akulasa kumapazi. Ndinadzutsidwa ndi mawu a amayi aakulu, mkulu wawo wa mayi, akuitana amalume mokuwa kuti matenda ayamba ndipo sizili bwino. Anatulutsa mayi atawagwira uku ndi uku. Chitenje chawo chinali chonyowa ndi magazi, milomo itayera. Anawakweza kutsogolo kwa lole kuti athamange nawo kuchipatala ku Nguludi.

"Chotsa!"

Ndinamenya mwala. Lole inatsika. Inafika pachitsime, amalume anasiya kilatchi, inadzuma, koma sinatsokomole. Anasiyanso kachiwiri, matayala anakwekwereza pansi, palibe. Kachitatu. Mayo ine! Ndinaima ndi musi m'manja ndikuona lole ija ikumira m'nkhungu popanda phokoso lililonse, mpaka ndinamva matayala akuti phwa m'matope a kudambo. Kenako kunangomveka mayi akubuula.

Patapita zaka zambiri makaniko wina anandifotokozera kuti ngakhale lole yoliza pokankha imafuna kamoto pang'ono ka batire kuti njira ya dizilo itseguke. Masiku onse aja kamoto kameneko kanalipo. Tsiku limenelo kanali katathera mu nyimbo. Ndipo kuzizira, anatero, kumamaliza batire lofooka kale. Ndinamva zimenezi ndili kale mzimayi wamkulu wa ana anga.

M'mawa wa chiperoni uja, amuna asanu ndi atatu anayesa kukankha lole ija kuti ibwerere kumtunda, koma matope anakana. Amalume, wamkulu uja, ankathamanga uku ndi uku opanda nsapato, akumenyetsa spanala pamitu ya batire ngati lingamve. Pomaliza anazula chitseko cha nyumba yathu, n'kugonekapo mayi, n'kuwanyamula pamapewa. Anakafika ku Nguludi dzuwa lili pamutu.

M'mawa mwake ndinaona azimayi okhaokha akupita kumphepete kwa dambo ndi makasu awiri ndi kamtolo ka nsalu. Panalibe mwamuna, panalibe nyimbo, panalibe wolira. Nditafunsa amayi aakulu kuti nanga mwana ali kuti, anandigwira pakamwa. "Wabwerera. Usadzafunsenso." Ine mumtima ndinali nditadziweruza kale kuti ndinamenya mwala molakwika, mwina mochedwa. Sindinauze munthu. Ndinasenza zimenezo mpaka tsiku la makaniko uja.

Mayi anabwera kunyumba patatha sabata, atawonda, osayankhula kwambiri. Tsiku lomwelo amalume anafika ndi batire latsopano pa kabaza, lowala, likadali m'katoni. Lole inali itakokedwa kale ndi ng'ombe kufika pabwalo, pamalo athyathyathya. Anamanga mawaya, anakwera, anapotoza kiyi kamodzi kokha. Inalira! Popanda mtsetse, popanda mwala, popanda ine. Nyali zinawala masana, hutala inagwedeza malata.

Ndinadumpha, ndikuwomba m'manja, n'kuthamangira kukhonde ndikukuwa kuti, "Amayi, yalira! Yalira ndi kiyi!" Mayi anandiyang'ana, anadzuka pang'onopang'ono, n'kulowa m'nyumba. Nditacheuka ndinaona amalume atagoneka mutu pachiwongolero, mapewa akugwedezeka, injini ikulirabe bwinobwino. Ndinaima pakati pa bwalo ndikudabwa kuti anthu akuluakuluwa atani, poti lole yachira.