Mkulu Amene Anatsika Sitima Ulendo Usanathe

Chibwerereni kwathu ku Puerto Plata kuchokera ku New York sindikhazikika. Masana ndimangokhala pakhonde kuyang'ana sitima zapanyanja zikuluzikulu za alendo, mtima uli kutali. Mkulu wa khomo loyandikana nafe saziyang'ana n'komwe. Iwo amakhala pansi pa mtengo wa mango atavala malaya oyera osita bwino, akumenyetsa timatabwa ta masewera a domino patebulo mpaka makapu a khofi kumadumpha. Amati woika domino mwakachetechete ndi wakuba.

Chaka chatha mwana wawo Yocasta, namwino ku Miami, anawalipirira ulendo pa sitima yapamwamba. Chakudya chinali chosatha, bedi lofewa ngati thonje. Tsiku lina mkuluyo anapeza azungu atatu odziwa masewerawa. Atangomenyetsa kamodzi, wantchito wa m'sitimamo anafika akumwetulira.

"Pepani bwana, pang'onopang'ono. Ena akuwerenga."

Sitimayo itaima padoko la kwathu kuno kuti alendo akaone mzinda, mkuluyo anatsika nawo, n'kukwera njinga yamoto kulunjika kunyumba. Sutikesi inapitirira yokha ulendo. Yocasta sanawalankhule mpaka Khirisimasi.

"Koma bambo, kusiya zabwino zonsezo, kukhumudwitsa mwana, chifukwa chokuletsani phokoso basi?" ndinawafunsa dzulo.

"Zabwino ziti, iwe wa ku New York? Ndinali ngati mtembo wosamalidwa bwino. Kodi kumene unaliko unkamenyetsa chiyani?"

Iwo anandikankhira mpando ndi phazi.

"Khala apa. Ndipo usaike ngati wakuba."