Kaputeni wa Timu ya Bambo

Bambo anga amatsimphina pang'ono mwendo wakumanzere. Kuyambira ndili wamng'ono ndinkauzidwa kuti anathyoka akugwira penate pa mpira womaliza wa chikho cha makoleji, kalekale ali goloboyi ku koleji ina ku Blantyre. Nkhaniyi inakula kwambiri titasamukira ku Doha, kumene bambo amagwira ntchito mu ofesi ina ku West Bay.

Lachisanu lililonse masana anzawo atatu ankabwera kwathu ku Al Waab, mainjiniya awiri ndi mphunzitsi mmodzi. Ankakhala pansi pa AC, mimba zili patsogolo, bambo n'kuyamba kufotokoza za chaka chimenecho: mmene lole inawafera popita ku Zomba koma n'kukawinabe, mmene ankabwerekana nsapato pa hafu. Ine ndinkapereka tiyi, kenako n'kukalemba m'buku langa zonse ndamva. N'chifukwa chake ndikudziwa kuti zigoli za ku Zomba zinali ziwiri m'nyengo yozizira, koma pofika Ramadan zinali zisanu. Anzawo aja sanaphunzire koleji imeneyo, ndiye ankangogwedeza mitu, maso ali pa mbale ya samusa. Amuna a madigiri, kumvetsera bodza lomwelo sabata ndi sabata chifukwa cha samusa.

Tsiku lina bambo anabwera atasangalala. Anakumana ndi amene anali kaputeni wa timu ija, atavala yunifomu ya ulonda pa sitolo ina ku Msheireb. Munthuyu koleji sanaimalize. Ku ofesi ya bambo kunali malo a kalaliki wa ku stores, ndipo iye ankafuna bambo amulembere kalata yomuchitira umboni. Bambo anati abwere Lachisanu.

Kaputeni anabwera atavala malaya oyera ositidwa bwino, envulopu ya CV m'manja. Pa sofa malo analipo, koma anamupatsa mpando wapulasitiki pafupi ndi chitseko. Iye anakhala, envulopu pa maondo.

"Kaputeni, tawauzani awa za penate ija," anatero bambo. "Amati ndimanama."

"Penate iti, bwana?"

"Ya fainolo. Imene inandithyola mwendo."

Kaputeni anayang'ana bambo, kenako anayamba kuseka. Sikunali kuseka kwachipongwe. Kunali kwa munthu amene waiwala kuti wabwera kudzapempha.

"A Golo, inu tsiku limene lija mpira simunaukhudze n'komwe. Mwaiwala mpanda?"

Ndiye anafotokoza. Usiku woti mawa ndi fainolo, kunamveka mphekesera yoti timu inayo yawaza mankhwala pa geti ya bwalo, kuti aliyense wodutsapo miyendo imulemere. Timu yonse inagwirizana kuti pa geti salowera. Tsiku la mpira litafika, ophunzira sayansi, ophunzira zamalonda, atavala kale majezi, anazungulira kuseri n'kuyamba kukwera mpanda wa njerwa mmodzimmodzi, geti ili chitsegukire. Bambo ndi amene analimbikira kwambiri za mankhwalawo, ndipo ndi amene anayamba kudumpha. Anakagwera mu ngalande. Pagolo panakhala wosewera kumbuyo amene anali asanagwirepo mpira ndi manja, ndipo anachinyidwa zinayi.

"Tinakunyamulani pa wilibala, a Golo. Munkalira kuti mankhwala afika ndi ku mpanda komwe."

Mphunzitsi uja anatsamwa ndi tiyi. Injiniya mmodzi anati, "Achimwene, ndiye penate ija munaigwirira mu ngalande?" Winayo anafunsa ngati wilibala inapatsidwako mendulo. Anthu omwewo amene kwa zaka zitatu ankati "eya, eya" pa chilichonse.

"Khalas, basi zakwana," anatero bambo. Anatambasula dzanja, kaputeni n'kuwapatsa envulopu ndi manja awiri. "Ndiona. Inshallah."

Aliyense amene wakhala ku Doha mwezi umodzi amadziwa tanthauzo la inshallah yotero. Kaputeni nayenso anadziwa. Anamaliza madzi ake, anatsanzika aliyense mwaulemu, n'kupita kukakwera sitima ya metro dzuwa likuswa mtengo. Palibe mwa atatu aja, onse ndi magalimoto panja, amene anati akamusiye.

Za mpandazo sizinandichititse manyazi. Anali anyamata, ndipo ku Malawi matimu akuluakulu omwe amachita zotero. Chimene chinandinyansa ndi envulopu. Inakhala pamwamba pa fuliji masabata atatu, ikumata fumbi ndi mafuta. Nditalimba mtima ndinafunsa.

"Adadi, kalata ya a kaputeni ija mwalemba?"

"Munthu wosadziwa polankhula sangagwire ntchito mu ofesi," anatero, maso ali pa foni. "Zimenezi si za ana."

Ndinatsitsa envulopu ija n'kuipukuta. Ndinatayipa kalata ndekha pa kompyuta ya kusukulu, m'Chingelezi chabwino kwambiri chimene ndikanatha, yonena kuti munthuyu ndi wokhulupirika ndipo anatsogolerapo anzake. Ndinaiika pa tebulo la bambo, cholembera pambali, poti pankangofunika kusayina basi. Inakhala pamenepo mpaka malo aja anatenga munthu wina.

Loweruka lina ndikupita ku laibulale ndinadutsa pa Msheireb. Kaputeni anali pa khomo la sitolo, akulozera mayi wina kumene kuli zikepe. Anandizindikira.

"Mwana wa a Golo. Kunyumba ali bwanji?"

"Ali bwino. Kalata ija ilipo, ndinaitayipa. Sanasayine."

"Isunge," anatero. "Kontirakiti yanga ikutha chaka chamawa. Mwina pofika nthawi imeneyo akhala ataphwa mtima."

Ndinati ndiisunga, ndipo ili mkati mwa buku langa la Chemistry. Mwezi uliwonse ndimasintha deti n'kuisindikizanso.