Kaduwa ka Mayi Asiyatu

Mayi Asiyatu, oyandikana nawo nyumba ku Chinsapo, popita kumaliro ku Mangochi anandisiyira kaduwa kawo kam'tchire, kamasamba otuwa aubweya, kodzala m'chitini. Anakazula kumunda kwa malemu mayi awo.

"Musavutike n'kuthirira, kanazolowera chilala," anatero.

Ine ndinayesa ndi ulemu chabe, ngati mlendo wokana chakudya njala ikumupweteka. Ndinkakathirira m'mawa ndi madzulo mpaka kanawola mizu.

Atabwerako ndinanamizira nkhuku za a landilodi. Iwo anapisa chala m'chitinimo n'kuchitulutsa chili matope okhaokha, kunjaku dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.

"Koma nkhuku zake n'zachifundo," anatero, "zimathirira ndi maluwa omwe."

Mpaka lero ndikawaona pampopi, ndimabwerera ndowa ili gwa.