Mawu Atatu a M'foni ya Kalabu

Mwana wanga wamkazi anaphunzira za makompyuta mumzinda. Ntchito itasowa anabwerera kuno ku Nsaru, nalowa kalabu yathu ya alimi a mtedza. Ndiye anapanga pulogalamu ya m'foni yolembera mamembala, chifukwa kope la alembi athu, omwe ndi aphunzitsi opuma, linali litadyedwa ndi chiswe.

Tsiku lina masana, ine ndikuswa mtedza pakhonde, iye kompyuta ili pamiyendo, anandifunsa kuti mamembala tingawagawe m'magulu angati. Ndinati sindikumva. Anandifotokozera kuti anthu ukawasiya kuti alembe zofuna zawo, wina alemba kuti wachoka, wina anasamuka, wina kulibe, ndipo makina amaziyesa zinthu zitatu zosiyana. Choncho wopanga pulogalamu amayamba watchula mawu onse ololedwa, n'kutseka mndandanda. Ena onse amangosankhapo limodzi. Anati mndandanda wotere amautcha inamu, ndipo liwu lililonse lili ndi nambala yake yobisika, kuyambira pa ziro. Ndinaseka n'kumuuza kuti sukulu ndinalekezera panjira, koma mbuzi sindinaziwerengepo kuyambira pa ziro. Iye anati n'chifukwa chake makompyuta saweta mbuzi.

Mawuwo ndinamupatsa ndine. Alipo, kwa amene akubwera kumisonkhano. Wapuma, kwa wodwala kapena woyembekezera, dzina likhalebe koma asamaitanidwe. Wachoka, kwa amene wasiya, dzina lifufutidwe.

"Palibenso lina, amayi? Ndikatseka, aphunzitsi sangawonjezere. Padzafunika ineyo."

Liwu lina linali pakamwa. Koma mwana wako akukuyang'ana m'maso, sutchula imfa. Ndinati atatuwo akwana.

Mwana wangayo anadwala masabata awiri nthawi ya dzinja. Tinamuika mtedza uli ndi maluwa.

Foni yake inatsala ndi ine. Lachiwiri lililonse m'mawa inkalira. Unali uthenga wa kalabu, woyamba ndi dzina lake, womuitanira kumsonkhano wa mawa lake. Kuwerenga ndimachita pang'onopang'ono, koma dzinalo ndimalizindikira ngakhale patali. M'nyumba muno ndili ndekha, bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Anthu anali atasiya kumutchula poopa kundiliza. Foni yokha ndiyo siinkaopa. Ndinkayenda mpaka pamsika kukaitchajitsa.

Nthawi yogawa mbewu itayandikira, aphunzitsi aja anabwera, nakhala pampando chipewa chili pabondo. Anayamba ndi nkhani ya kutentha, kenako ya chitopa. Pamapeto anati alangizi amabweretsa mbewu poona olembedwa kuti alipo, ndipo chiwerengero sichikugwirizana ndi anthu. Anafufuza liwu loyenera dzina la mwana wanga m'foni ya kalabu koma munalibe. Komiti inati wosankha ndikhale ine.

Anandionetsa mawu atatu aja. Ndinafunsa ngati sangangosiya malowo opanda kanthu. Anati anayesa, foni ikukana.

"Wachoka ayi, aphunzitsi. Mwanayu sanasiye kalabu."

"Ndiye tilembe kuti wapuma, mayi? Dzina likhalabe. Koma mauthenga aja sadzabweranso, mukudziwa eti?"

Sindinawauzepo za mauthengawo. Mwina anamva kwa wotchaja mafoni.

Ndinawapempha sabata imodzi. Lachiwiri foni inalira, ndipo ndinawerenga uthenga wonse ndikulondola ndi chala, mpaka pamene pankati tibwere ndi makasu. Lachitatu ndinanyamula khasu n'kupita kumsonkhano, koyamba chichitikire maliro. Aphunzitsi anandipatsa foni ya kalabu, nandilozera liwu lapakati, ndipo ndinadina ndekha.

Lachiwiri lotsatira ndinalawirira kumunda, foni n'kuisiya m'nyumba. Ndinabwerako dzuwa litapendeka, nditagalauza ndi mizere yomwe ikanatha kudikira mawa.