Mkamwini pa Maiwe a ku Madeira

Ndinaphunzira kusambira ndili ndi imvi kale, m'dziwe losambiramo la ku Maryhill, ku Ulaya komwe tikukhala, tiana ta sukulu tikundipitirira ngati matemba. Nyengo yonse yozizira ndinamwa madzi onunkha mankhwala chifukwa cha chithunzi chimodzi cha pa foni: maiwe a pachilumba cha Madeira, pomwe chiphalaphala cha moto chinauma n'kusiya maenje a miyala yakuda m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ndinalumbira kuti ndikalowamo ndisanafe.

Kutatsala sabata imodzi kuti tinyamuke ulendowo, mkazi wanga akuti, "Amayi tipita nawo." Apongozi angawo anali atabwera kuchokera ku Dedza kudzaona zidzukulu. M'kafulati kathu iwo akalowa kukhitchini ine ndinkatuluka, moni tinkapatsana nkhope zili kumbali. Ndi mwambo, sindinkadandaula. Koma mkazi ameneyu, ndi madigiri ake awiri, sanaganize kuti kumadzi anthu amavula?

Tinafika. Abale inu, madzi ake! Mafunde ankamenya miyala n'kukhuthulira thovu m'maiwe, pansi pakuoneka bwinobwino. Azungu anali atagona pamiyala ngati abuluzi, mimba zili psuu, nkhalamba zina zitavala tinsalu tosakwana n'kupukutira mphuno komwe. Kabudula wosambira ndinali nditavalira m'kati mwa buluku. Ndinangoima, jekete lili pathupi, thukuta lili kamukamu. Mkamwini aonetse mimba ndi ntchafu pamaso pa apongozi? Ndinati akatopa apita pamthunzi, ine n'kudumphira.

Atope ndani! Ndinangoona mayi aja akuvula nsapato, akumanga chitenje pachifuwa monga amachitira kudambo. Ndinatembenuka msangamsanga. Kuyambira pamenepo maso anga anali pa bini ya zinyalala ndi khoma la chimbudzi. Kumbuyo ndinkangowamva akumenya madzi, akuseka, akuitana mwana wawo: "Iwe, bwera! Ngamchere zedi!" Maola awiri athunthu. Mzungu wina anandifunsa ngati ndadwala, ndinamuuza kuti ndikuona malo.

Mkazi wanga anabwera akudontha madzi. "Inunso lowani, kuno ndi ku Ulaya." Ulaya wake uti? Si yemweyu amandiponda phazi ndikayankhula ndi amayi ake nditaimirira? Mtima unandiwawa. Pamene apongozi ankatuluka mafunde anali atakula, ndipo olondera anatseka maiwe onse ndi chingwe. M'mawa mwake tinakwera ndege yobwerera.

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi ku Govanhill, ndinamva apongozi akusimbira azimayi anzawo pa tiyi, mokweza ndithu.

"Mkamwini wanga ngwaulemu, ndisaname. Koma madzi amawaopa ngati mbuzi. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, osaviika ngakhale chala!"

Azimayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ine ndinali chapomwepo, nditanyamula thireyi ya makapu, ndipo mkamwini satsutsa apongozi pagulu.

Ndinati, "Zoona, amayi."